Funsani Dokotala: Ndasiya ma energy ndi tiyi, mutu ukung'amba

Funso: Adokotala, ndimayendetsa basi ya Lusaka kupita ku Chipata. Pa ulendo ndimamwa zitini zitatu zazikulu za ma energy, kuwonjezera pa makapu awiri a tiyi. Akazi anga atadandaula kuti usiku ndimangotembenuka osagona, ndinasiya zonse Lamlungu. Pofika Lolemba madzulo mutu unali kung'amba, ndikungoyasamula ndi kukalipira kondakitala popanda chifukwa. Nditamwa chitini chimodzi zonse zinatha. Kodi ndi matenda?
Dalaivala, Matero

Yankho: Bambo, thupi lanu linazolowera kafeini, mankhwala ochotsa tulo amene ali mu ma energy, tiyi ndi khofi, ndipo inu munalilanda zonse tsiku limodzi. Tiyeni tiwerenge kaye. Ma energy ambiri amakhala ndi 32 mg ya kafeini pa 100 ml iliyonse, choncho chitini cha 500 ml chili ndi 160 mg. Zitatu ndi 480 mg. Kapu ya tiyi imakhala ndi 40 mpaka 50 mg. Zonse pamodzi mukuyandikira 570 mg patsiku, pamene malire a munthu wamkulu wathanzi ndi 400 mg. Tembenuzani chitini chanu muwerenge, chifukwa mitundu imasiyana.

M'ubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa adenosine. Amachuluka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo ndi amene amakuuzani kuti mwatopa. Kafeini amakakhala pamipando ya adenosine, ngati wokwera amene walanda mpando wa mwini tikiti. Kutopa kumakhalapo ndithu, kungoti simukumva. Mukamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umawonjezera mipando, ndiye tsiku losiyalo mipando yonse imadzaza ndi adenosine nthawi imodzi. Kuyasamula ndi kulemera kwa thupi kumachokera pamenepo. Mutu uli ndi chifukwa chake: kafeini amafinya mitsempha ya magazi ya m'mutu, ndipo akachoka mitsemphayo imatakasuka, magazi n'kumadutsa ambiri.

Vutoli lili ndi nthawi yake. Limayamba pakatha maola 12 mpaka 24 chimwereni komaliza, limafika pachimake tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo limatha pakati pa masiku 2 ndi 9. Ena amamva nseru ndi kuphwanya m'thupi ngati chimfine. Silipha. Koma kwa inu kuwodzera ndiye choopsa, chifukwa mumanyamula miyoyo ya anthu m'makhota a ku Luangwa aja. Musasiyenso mwadzidzidzi, ndipo musayambe kuchepetsa tsiku la ulendo. Yambani tsiku lopuma.

Tsikani ndi gawo limodzi mwa magawo anayi sabata iliyonse. Sabata yoyamba imwani zitini ziwiri ndi makapu awiri a tiyi aja. Chotsani chitini chamadzulo, poti ndicho chikukuberani tulo. Sabata yachiwiri chitini chimodzi ndi makapu atatu a tiyi. Yachitatu tiyi yekha, makapu anayi, womaliza asapitirire 14 koloko. Yachinayi makapu awiri. Mukafuna kulekezera pamenepo palibe cholakwika. Mutu ukavuta pa sitepe ina, khalani pomwepo masiku atatu kapena anayi, koma musabwerere m'mbuyo.

Ambiri amalephera chifukwa amachotsa chitini osaikapo kanthu. Chitini chimodzi chikhoza kukhala ndi shuga woposa masupuni aang'ono khumi, ndiye thupi limasowanso shugayo ndi madzi. Nyamulani botolo la madzi la malita awiri, makamaka m'nyengo yotentha ya October. Pa malo opumira idyani nthochi, mtedza kapena maheu. Tulo tikakugwirani pamsewu, imani mugone mphindi 20. Palibe chakumwa cholowa m'malo mwa tulo.

Mutu ukawawa imwani paracetamol wamba, mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi patsiku, kwa masiku owerengeka. Koma musanamizire kafeini mutu uliwonse. Ngati thupi latentha, pitani kukiliniki akakuyezeni malungo tsiku lomwelo, makamaka inu oyenda m'chigwa cha Luangwa. Mutu wobwera mwadzidzidzi mwamphamvu, khosi louma, kusanza kosalekeza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, zimenezo n'zofunika chipatala nthawi yomweyo. Mutu ukapitirira masiku khumi, kayezetseni BP.

Funso: Ndimagulitsa tomato ku msika wa Soweto. Tiyi ndinasiya miyezi iwiri yapitayo, koma mutu umandiwawabe m'mawa uliwonse mpaka nditamwa mankhwala a mutu aufa a Grand-Pa. Masiku ena ndimamwa mapaketi atatu.
Mayi, Kanyama

Yankho: Mayi, tiyi munasiya koma kafeini simunamusiye. Paketi imodzi ya Grand-Pa ili ndi aspirin, paracetamol ndi kafeini pafupifupi 65 mg, woposa wa m'kapu ya tiyi. Piritsi limodzi la Panadol Extra lilinso ndi 65 mg. Usiku kafeini amatha m'magazi, m'mawa mutu n'kuyamba, inu n'kumwa paketi, mutu n'kuleka. Mawa lake chimodzimodzi.

Pali vuto lachiwiri. Mankhwala a mutu osakaniza otere, munthu akamawamwa masiku 10 kapena kuposa pamwezi kwa miyezi ingapo, amayamba kudzetsa mutu iwo eni. Aspirin wa tsiku ndi tsiku amapalanso m'mimba. Mukaona chimbudzi chakuda bii, kapena mukamamva kutentha pamwamba pa mimba, musachedwe kupita kuchipatala.

Malangizo anga angakudabwitseni: bwererani ku tiyi kwa kanthawi. Siyani ufawo, m'malo mwake imwani kapu ya tiyi m'mawa ndi ina cha m'ma 10 koloko. Pakatha sabata tsalani ndi kapu imodzi, kenako theka. Dziwani kuti sabata yoyamba, mwinanso yachiwiri, mutu udzayamba wakula usanachepe. Apa m'pamene ambiri amabwerera kukantemba kukagula paketi ina. Musanayambe, pitani kukiliniki akakuyezeni BP ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo muwauze zoona za mapaketi amene mumamwa. Muzidyanso kanthu musanapite kukapikula m'mamawa, poti njala nayo imawawitsa mutu. Ufa umenewu musapatse ana.

Funso: Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Apongozi akuti ndisiyiretu tiyi. Ine ndimamwa makapu asanu patsiku ndi Coca-Cola mmodzi.
Mayi woyembekezera, Chawama

Yankho: Apongozi anu akunena zoona mbali ina. Bungwe la WHO limalangiza amayi apakati amene amapitirira 300 mg patsiku kuti achepetse, ndipo madokotala ambiri timaika malire pa 200 mg. Makapu asanu ndi Coca-Cola wa 330 ml, amene ali ndi 30 mg ndi pang'ono, akukufikitsani cha pa 250 mg. Kafeini amadutsa n'kufika kwa mwana, ndipo mimba ikamakula thupi lanu limachedwa kwambiri kumuchotsa. Wochuluka angachititse kuti mwana abadwe wochepa thupi.

Sikofunika kusiyiratu. Chotsani kapu imodzi masiku atatu alionse mpaka mutsale ndi awiri. Enawo imwani rooibos, amene alibe kafeini. Musalole masamba akhalitse m'madzi otentha, chifukwa akakhalitsa tiyi amakhala waukali. Ma energy ndi Grand-Pa musakhudze n'komwe.

Mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo aja musamwere tiyi, ndipo musamwenso tiyi pamodzi ndi nsima, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Siyanitsani ndi ola limodzi kapena awiri. Ndipo pa miyezi imene mwafikayi, mutu waukulu wobwera ndi kutupa nkhope kapena manja, kapena kuona nyenyezi m'maso, si wa tiyi ayi. Thamangirani kukiliniki tsiku lomwelo, ikhoza kukhala BP ya mimba.

Funso: Ndikukonzekera mayeso pa yunivesite ya UNZA. Ndimamwa khofi 18 koloko kuti ndiwerenge, koma ndikapita kukagona pakati pausiku tulo sitibwera. M'kalasi ndiye ndimawodzera.
Wophunzira, Kalingalinga

Yankho: Thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la kafeini. Kapu ya khofi wamphamvu ili ndi 80 mpaka 100 mg, ndiye pofika 23 koloko theka lake likadali m'magazi. Kwa atsikana omwa mapiritsi olera amakhalitsa pafupifupi kawiri, ndipo mankhwala opha tizilombo otchedwa ciprofloxacin nawonso amamuchedwetsa kutuluka.

Musachepetse kuchuluka kwake mayeso ali pafupi, ingosinthani nthawi. Tsiku lililonse bwezani kapuyo m'mbuyo ndi ola limodzi mpaka ifike 14 koloko, ndipo kuwerenga kolemera mukuchite m'mamawa. Ngati m'kamwa mukufuna chotentha madzulo, Ricoffy ali ndi kafeini wochepa poti ndi wosakaniza ndi chicory, koma si kuti alibiretu. Rooibos ndiye alibe. Kuchepetsa kwenikweni mudzayambe mukalemba pepala lomaliza, supuni yaing'ono ya khofi muzidula theka masiku anayi alionse.