Amayi anga kumudzi ali pachiswe kodi?

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wandilembera imelo. Amayi ake ndi amasiye a zaka 74, amakhala kumudzi ku Dedza ndi mdzukulu wamwamuna amene sali pantchito. Masiku ano gogoyo amaiwalaiwala, choncho ndalama zimene mwana wawo amatumiza zimafikira pafoni ya mdzukuluyo. Funso lake ndi lakuti: "Ndi okalamba otani amene amachitidwa nkhanza, ndipo amayi anga ali m'gululi?"

Achemwali, sindikubisirani: zimene mwafotokozazi zandidetsa nkhawa. Sindikunena kuti mnyamatayo ndi woipa, sindikumudziwa. Koma bungwe la zaumoyo la WHO limati pafupifupi mmodzi mwa anthu 6 alionse a zaka 60 kupita mtsogolo, okhala m'makomo mwawo, amakumana ndi nkhanza pa chaka, ndipo wochita nkhanzayo kawirikawiri ndi wachibale. Si zibakera zokha ayi. Kutukwanidwa, kumanidwa nsima, kulandidwa munda kapena ndalama za Mtukula Pakhomo, zonsezo ndi nkhanza.

Ambiri timaganiza kuti ngozi imabwera chifukwa gogo amadalira anthu. Nzoona, koma imakula zedi pamene wosamalirayo ndi amene amadalira gogo: denga ndi la gogo, munda wa gogo, ndalama zobwera m'dzina la gogo. Akakhalanso womwa kachasu, mkwiyo wake wa ulova umathera pa munthu amene sangamubwezere. Ndipo gogo amabisa, poti wa m'mimba ndi wa m'mimba, ndiye akamuneneza adzamutungira madzi ndani?

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi kuiwalako. Pali matenda a ubongo otchedwa dementia amene amachititsa munthu kusokera, kuyankhula zosagwirizana, ngakhale kutuluka usiku osavala bwino. Kwathu kuno gogo wamasiye akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, anthu sathamangira kuchipatala, amati wagwa pa lichero. Mukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana atafa ndi mphenzi. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu likalusa apolisi amakhala kutali. Mtima umandipweteka kuti amene amalozedwa chala ndi amayi omwe adatibereka kumbuyo, pamene anzawo amsinkhu wawo owaikira kumbuyo adatha kale kumanda.

Kudzipatula ndiko kumaphimba zonsezi. Ngati amayi adasiya kupita kutchalitchi, kumaliro kapena kumvano, palibe diso lachiwiri loona kuti akuwonda.

Ndiye yambani apa. Pezani munthu wina, kaya azakhali kaya amayi amvano, amene adziwayendera sabata iliyonse ndi kukuimbirani ali nawo paokha, mdzukulu palibe. Ndalama zina zidzifikira kwa iyeyo ngati chimanga ndi sopo. Apite nawo kuchipatala akayezedwe, ndipo amfumu auzidwe msanga kuti kuiwalaku ndi matenda, mphekesera zisanayambe. Mukamva za mabala, za njala kapena za munda wogulitsidwa iwo osadziwa, pitani ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma, musadikire kuti mudzakambirane pa Khirisimasi.