Amalume ako si mpondamatiki

Mdzukulu wina wandidandaulira: "Agogo, paukwati wa achemwali, amalume anaponya ndalama zambiri paperekaniperekani, ine n'kufuula kuti mpondamatiki wafika. Amayi anandikalipira. Ndinalakwanji, poti ndimawatama?"

Unalakwa, mwanawe, chifukwa tiki sunaione. Kanali kandalama ka mapeni 3, kochepa ngati chikhadabo, ndipo dzina lake linabwera ndi matchona a ku Joni. Tinasiyana nako kwacha ndi tambala zitalowa mu 1971. Amayi anga ankakamanga pamfundo ya nsalu, mfundo ziwiri, kuopa kuti kangagwe. Tsono taganiza munthu woti kandalama komweko akukaponda ndi phazi, osawerama n'komwe. Ameneyo ndiye mpondamatiki. Muli kusirira m'mawuwa, komanso muli kachipongwe. Timawanena mwiniwake atapotoloka, osati pachinkuzamawu apongozi ali pompo.

Ukati bwana, sunakonzenso. Mawuwa ndi a Chiswahili, anafika ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, anthu a Jumbe amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Azungu anangowapeza n'kuwavala ngati chipewa. Dona ndi Chipwitikizi cha ku Tete. Nduna, zija zoyenda pagalimoto ya mbendera, dzinalo ndi la Angoni, la akuluakulu a pabwalo la inkosi. Kuntchito uziti bwana ndithu, palibe choipa. Koma mlongo wa mayi ako ukamutchula choncho, wamuika kutali ngati mlendo wokulemba ganyu. (Za "abigi" zanuzi sindiyankhulapo, mano angandigweke otsalawa.)

Mawu athuathu ndi kulemera. Thumba la chimanga limalemera, munthu amalemeranso, ndipo ulemu ndi kulemekeza zimachokera pamuzu womwewo. Makolo poona wachuma sankawerenga mbuzi zake zokha, ankaona zimene wasenza. Maliro akagwa, bokosi ndi iye. Mwana wamasiye akasowa fizi, amagogoda kwa iye. Amalume akowo ndiwo ankhoswe a achemwali ako, ndipo banjalo likadzagwedezeka usiku, odzadzutsidwa ndi iwo, kaya m'thumba muli kanthu kaya mulibe.

Loweruka upite kwawo. Usatumize uthenga pa WhatsApp ayi. Ukakhale pansi, iwo ali pampando, ukati, "Malume, pakamwa panatsogola, pepani." Akaseka, nawe useke pang'ono, koma usawapemphe ya thiransipoti pobwerera.