Gitala ya bezi ikamalira zii pa ma fret oyambirira

Achimwene, mwati bezi yanu ikulira zii pa ma fret oyambirira (tizitsulo topingasa pomwe mumadina mawaya). Musataye ndalama pa mawaya atsopano, kulira kumeneko kukuchokera ku neki, khosi la gitala. Chinyontho cha kuno ku Mzuzu, makamaka mvula ikamawaza mu Epulo, chimatupitsa thabwa ndipo neki imapindikira kumbuyo. Dinani waya wa E (waukulu uja) pa fret yoyamba ndi yomaliza, muyang'ane pa fret ya 8. Pakati pa waya ndi fret pazitsala kampata koti kakhadi kopyapyala kalowe. Ngati palibe, masulani nati ya truss rod (chitsulo cha m'kati mwa neki chowongolera kupindika kwake) pang'ono, kota ya kuzungulira basi, kenako mudikire tsiku limodzi.

Yanga inkachita zomwezi ndikamaisiya pa simenti m'tchalitchi usiku wonse. Pano imagona m'chikwama kunyumba.

Nati ya truss rod ikakhala yolimba, chonde musaikakamize, ikathyoka neki yonse ikhoza kuonongeka. Pitani nayo beziyo kwa wokonza magitala.