Droni yanga ili pansi pa nyanja ku Senga Bay, ndiye za booster mundifunse ine

Aaa achimwene mwandikanda pachilonda. Ndangoona post yanuyi yofunsa zogula booster, chida choti droni izifika kutali ndi rimoti, mtima wayamba kugunda ngati ndaimanso pamchenga paja. Musagule kaye chonde, ndipo awo akukulozerani kwa "mnyamata wawo wa mtauni" m'makomentimu ndikhulupilira sanatayepo droni ngakhale kamodzi.

Ine inali July, ukwati, tchalitchi mmawa ku Salima kenako zithunzi kunyanja ku Senga Bay tisanapite ku holo. Sabata yomweyo ndinali nditagula zinthu ziwiri kwa mkulu wina amene amabweretsa katundu kuchokera kunja, dzina sinditchula koma akudzidziwa ndipo mwina ali mugulu muno. Anandigulitsa timbale tija tovekera pa antena ya rimoti, timene amati booster, ndi batire la droni losakhala la kampani, akuti bwana ili ndi lamphamvu kuposa original, ndi izi mufika makilomita 10 mukumwa tiyi. Ine ndi umbuli wanga ndinangoti eya. Batirelo ndinangolitchaja kamodzi, osaliyesa nkomwe pabwalo, nkulitengera ku ntchito ya anthu.

Tsiku limenelo kunali mwera. Amene mumakhala kunyanja mukuudziwa, June July August sumasewera. Koma pamene ndinaima ine panali mitengo ndi mpanda wa loji ndiye pansi pamaoneka ngati kamphepo chabe, velo ya mkwatibwi imangogwedezeka bwinobwino, mpaka ndinati iyi ndiye shot. Ndajambula akwati, ndajambula aperekezi, batire lili pa 70 peresenti chakuti, ndiye mkwati akuti aise tatengako mabwato ali ukoo, akuloza chakumpoto. Ndinakankha stick. Abale kanapita ngati kakuthawa ngongole, mphindi zitatu zisanakwane skirini ikuti mamita 2300, chithunzi chili mbee osadukaduka, ine mumtima ndikuti mkulu uja sananame eti. Sindinadzifunse kuti kadroni ka magalamu 249 kathamanga choncho bwanji. Kanali kakukankhidwa ndi mwera kumbuyo.

Kenako ankhoswe anandigwira paphewa, akuti ajambuli tachedwa ku holo anthu akudikira perekaniperekani. Ndinangotembenuka kuwayankha, rimoti ili mmanja, kutembenuka pang'ono chabe. Pobwezera maso skirini yachita imvi, sigino palibe. Timbale tija ndi mmene timagwirira ntchito, sitiwonjezera mphamvu ayi, timangosonkhanitsa sigino kuti ipite mbali imodzi ngati tochi, ndiye ukalozetsa kumbali ngakhale pang'ono wazimitsa wekha. Zimenezi wogulitsa uja sanandiuze.

Droni itaona kuti rimoti yasowa inayamba yokha RTH, kubwerera pamene inanyamukira. Zabwino eti? Koma ine RTH ndinaiika pa mamita 100 kuyambira tsiku lina ndikujambula mtauni kuopa ma tower, osasinthanso. Ndiye inakwera kaye mpaka 100, kumene mwera ukuomba zenizeni, nkuyamba kulimbana nawo maso ndi maso. Sigino itabwerera ndinayang'ana liwiro, 2.4, kenako 2.1, nthawi zina 3. Mamita pa sekondi amenewo. Timadroni tating'onoti pa normal, liwiro lake la masiku onse, timathamanga pafupifupi mamita 10 pa sekondi ndipo mphepo imene timapirira ndi yomweyonso, pafupifupi 10, ndiye mphepo ikakhala 8 inu mwatsala ndi 2, masamu ake ndi omwewo. Batire 61. Mtunda 2200. Manja anayamba kunyowa, foni ikulira chenjezo la mphepo, mwana wina wa aperekezi wandikakamira pamwendo akufuna aone nawo, ine ndangoti duu kuyang'ana manambala awiri, wina ukutsika msanga wina ukutsika ngati kamba.

Pa 1500 batire linali 44 ndipo ndinayamba kudzilimbitsa mtima kuti ifika. Pa 1100 linali 35. Ndiye ndikuyang'ana chonchi, 35 inadumpha kufika 19. Osati kutsika, kudumpha. Sindinaphethire nkomwe. Kenako 12, kenako mawu ofiira oti ikutera yokha. Ndinakankha stick yakumanzere mmwamba ndi chala chonse kuti isatsike, imamvera pang'ono nkuyambanso kutsika, kamera inali yoloza pansi ndiye ndimaona madzi akubwera, mafunde oyera pamwamba, bwato lina la asodzi linadutsa pakona ya skirini munthu mmodzi atayang'ana kumwamba, ndinaona mpaka chigubu chachikasu chili m'bwatomo. Mtunda 680. Chithunzi chinaima, madzi okhaokha, kenako mdima. Ndinakhalabe ndikukankha stick ija mwina theka la mphindi droni kulibe.

Chimene chimandipweteka mpaka lero sikuti ndi droni yokha. Khadi yosungira zithunzi inali momwemo. Ma shot onse akutchalitchi, akwati akutuluka, galimoto zili pamzere, zonse ndinali ndisanakopere. Chinatsala ndi timavidiyo tija foni imasunga yokha tosaoneka bwino, ndi timene ndinaika mu vidiyo yawo, mayi a mkwatibwi ataonera anangofunsa kuti kodi kunali chifunga? Asodzi ndinawapatsa ya sopo kuti akayang'ane, anandiseka kaye kenako anapitadi, anabwera chimanjamanja, ndi mafunde amenewo ukanaipeza pati.

Ndiye mkulu uja. Ndamuimbira madzulo omwewo akuti pepani bwana ndili pa maliro. Mawa lake akuti munaitchaja bwanji. Mkuja akuti batire silingagwetse droni, ndi inuyo simudziwa kuulutsa, komanso katundu akatuluka sabwerera. Kenako blue tick basi pa WhatsApp, mpaka lero, koma status akuika daily, mabatire omwewo, "stock yatsopano". Mxii. Munthu ukugulitsa chinthu choti chikanama chimagwetsa ndalama za mnzako za chaka chonse m'madzi, kapena pamutu pa mwana wa eni, iwe nkumati ndi champhamvu kuposa original usanachiyesepo? Batire labodza limaonetsa peresenti yabwino droni ikamangoyandama, koma ma motor akayamba kukoka zenizeni polimbana ndi mphepo voteji imagwa kamodzi, ndi zimene zinandichitikira pa 35 paja. Ndimamuimba mlandu iyeyo ndipo sindidzasintha.

Chabwino, nanenso ndinapusa, ndivomere. Gombe linali cha kumbali, mwina mamita 300 kuchokera pamene imadutsa. Ndikanaletsa RTH, kuitsitsa kufika mamita 20 kapena 30 kumene mphepo imachepako, kuika pa sport, liwiro lapamwamba limene limafika cha mma mamita 16 pa sekondi, kapena kungoikhotetsera kumtunda nkuitereza pamchenga paliponse ndikaitole wapansi. Zinandibwerera mmutu usiku ndili pabedi. Nthawi imeneyo mutu umangoti ibwere kwa ine, ibwere kwa ine.

Ndiye inu mukufuna range, mtunda umene sigino imafika. Choyamba dziwani kuti nambala ya pabokosi ija amayeza pamalo oti see, popanda nyumba, popanda wifi, ndipo nthawi zambiri pamakhala ziwiri, ya FCC (malamulo a ku America) ndi ya CE (a ku Ulaya), monga 10 km ndi 6 km, chifukwa maiko amasiyana mphamvu ya sigino imene amalola ndipo droni imasankha yokha poona GPS. Anyamata ena amaibera zimenezi ndi tima app, ine sindingakulangizeni, ma frequency kuno ali ndi eni ake a MACRA, komanso sigino kufika kutali sikutanthauza kuti batire likubwezani. Yanga sigino inalipo mpaka ikumira.

Range yaulele ilipo yambiri musanawononge ndalama. Antena isaloze droni ndi nsonga ngati mfuti, mbali yafulati ndi imene iyang'ane komwe kuli droni. Imani pamalo okwera, pasakhale nyumba, mtengo kapena galimoto pakati panu, ngakhale thupi lanu lomwe limatchinga mukaipatsa nsana. Rimoti imalankhula ndi droni pa 2.4 kapena 5.8 GHz, mtauni 2.4 yadzaza ndi ma wifi a anthu ndiye 5.8 imakhala yoyera koma siipita patali ndipo siidutsa zinthu, kumudzi 2.4 ndiye mfumu, ngati simukudziwa ingosiyani pa auto. Dikirani GPS igwire ma satellite okwanira ndipo droni inene yokha kuti home point, malo obwererapo, yalembedwa musananyamuke, osathamangira chifukwa kasitomala akukuyang'anani. RTH muziiona ulendo uliwonse, ikhale yongopitirira mtengo kapena tower yaitali pamalopo, osati 100 ya chaka chatha ngati ine.

Koma chachikulu ndi mphepo. Popita muzipita molimbana nayo, kuti pobwera izikukankhani. Mukaona yapita mofewa kwambiri dziwani kuti pobwera mulira. Ine pano ndikafika pamalo ndimaikweza kaye kumwamba, ndiyendetse pang'ono uku ndi uku ndikuona liwiro pa skirini, mbali imene ikuchedwa ndi imene ndimapita. Batire likafika 60 ndatembenuka kale, pamadzi 70. Mabatire a original okhaokha, osawasiya mugalimoto padzuwa la October, likangotupa pang'ono tayani, ndipo ngati simuuluka sabata yonse musawasunge ali full. Khadi sinthani mukamaliza chigawo chilichonse, makhadi ndi otchipa kuposa manyazi.

Ndipo kunena zoona malamulo pafupifupi kulikonse amati droni izioneka ndi maso anu ndipo isapitirire mamita 120 kumwamba, kadroni kakang'ono pa mamita 500 kasanduka kale kadontho. Aja amapita kutali osaiona, ngati amene ankayesa zonyamula mankhwala ku Kasungu mu corridor ija, dera loyeseramo ma droni, anatsegula boma ndi UNICEF mu 2017, amakhala ndi chilolezo cha a zandege ndi zida zina, si ife a maukwati. Kufupi ndi mabwalo a ndege a KIA kapena Chileka musayerekeze nkomwe, ku Salima komweko kulinso malo a asilikali, funsani kaye musanadzutse. Kunyanja samalaninso nkhwazi, zimaiona ngati mdani.

Ndiye booster musagule. Ngakhale kuti timbale tija, kkkk, ndisaname, ndikadali nato ndipo pa droni yatsopanoyi ndimativeka ndikakhala kumunda kwa kasitomala kopanda anthu, timathandizadi chithunzi chisamaduke bola osatembenuka, ndipo tsiku lopanda mphepo kilomita imodzi ndi theka ndimafikabe. Koma inu musatengere ine. Ma booster aja a amplifier, owonjezera mphamvu ya sigino, okhala ndi batire lawolawo ndiye ayi, sindinawagwirepo ndipo sindiwafuna.

Rimoti ya yomira ija ilipo, tchaja ndi mapropela 6 osatsegula, amene ali ndi droni ya mini yofanana andipeze ku inbox tikambirane. Bokosi lake ndikupatsani ulele, likungonditopetsa pamwamba pa wadiropu.