Achemwali, za Wrexham zija mumvere apa

Eya, achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Moni kwa alamu ndi ana onse. Uthenga wanu ndauona pagulupa, koma kuti ndilembe zonse ndi zala tikhoza kufika mawa, ndiye ndangoti ndilankhule. Ikhala yaitaliko, mumvere mukapeza mpata.

Mwati mnyamata wathuyo sakuchoka pa TV chifukwa cha Welcome to Wrexham, pulogalamu yonena za timu ya mpira ya Wrexham, akufuna jezi ya timuyo, ndipo akuuza aliyense pakhomopo kuti matimu onse akanagulidwa ndi anthu a mafilimu bwenzi mpira ukukoma. Ndiye mukufunsa ngati nkhaniyo ndi yoona kapena ndi sewero chabe, komanso ngati zomwe akunenazo zili ndi mutu.

Nkhaniyo ndi yoona, achemwali. Wrexham ndi mzinda waung'ono kumpoto kwa Wales, kale anthu ake ankadalira migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo, zonsezo zinatsekedwa. Timu yawo inayamba mu 1864, ili m'gulu la matimu akale kwambiri padziko lonse. Bwalo lawo la Racecourse Ground, timu ya dziko la Wales inasewerapo koyamba mu 1877. Ngakhale ali ku Wales amasewera m'maligi a ku England, ndipo mu 2008 anatsika mpaka ligi yachisanu, n'kukhala kumeneko zaka 15. Ndiye mu February 2021 Ryan Reynolds, uja wa filimu ya Deadpool, wa ku Canada, ndi mnzake Rob McElhenney wa ku America anaitenga timuyo, n'kulonjeza kuikamo mapaundi 2 miliyoni poyambira. Mu 2023 anakwera ligi, mu 2024 anakweranso, mu 2025 anakweranso kachitatu mpaka mu Championship, yomwe ndi ligi yotsatana ndi Premier League. Zigoli zomwe akuonazo ndi zenizeni. Penate ija goloboyi Ben Foster anagwira kumapeto kwenikweni posewera ndi Notts County mu April 2023, ine ndinadzuka pampando ngakhale timuyo si yanga. Anthu omwe amalira m'filimumo sakuchita sewero, akulira zenizeni.

Koma tsono pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna mnyamatayo achidziwe, ndipo ndi chomwe ndatsegulira foniyi. Eni ake a timu ndi omwenso ali eni ake a filimuyo. Reynolds ndi McElhenney ndi akuluakulu opanga nawo pulogalamuyo. Ndiponso ganizo la filimu ndi lomwe linayamba, timu inabwera pambuyo. McElhenney anaonera pulogalamu ina ya timu ya Sunderland pa Netflix nthawi ija ya Covid mu 2020, n'kuona kuti m'nkhani ya timu yovutika ndi anthu ake muli filimu yabwino, kenako n'kuyamba kufufuza timu yoti agule. Iwo sabisa zimenezi, ndipo ine sindikuti ndi tchimo. Kungoti zili ngati vidiyo ya ukwati, achemwali. Zonse zili mmenemo zinachitikadi, akwati anavinadi, anthu anafupadi, koma wolipira wojambula ndi mwini ukwati, ndiye mkangano wa kuseri pogawa nyama simungaupezemo.

Tengani nkhani ya ndalama. Ukamaonera umamva ngati ndi kagulu ka amphawi kakulimbana ndi zimphona. Komatu m'ligi yachisanu muja, chimphona chinali Wrexham yomweyo. Anatenga Paul Mullin, munthu amene anali atangomwetsa zigoli 32 m'ligi yachinayi ndi timu ya Cambridge n'kuikweza ligi, iye n'kutsika kubwera kwa iwo. Wosewera wotere satsika ligi chifukwa chokonda mphepo ya ku Wales ayi, ndi malipiro. Kochi Phil Parkinson anali ataphunzitsapo Bolton ndi Sunderland, ndipo mu 2013 anafikitsa Bradford mu fainolo ya League Cup. Chaka chomwe anakwera ligi koyamba, timuyo inaluza ndalama zoposa mapaundi 5 miliyoni, ndipo eni akewo ndi omwe ankabwereketsa ndalama zotsekera dzenjelo. Timu ina iliyonse ya m'ligi imeneyo kuluza ndalama zotere, ndiye kuti basi, kwatha, atseke. Notts County chaka chimenecho inapeza mapointi 107, Wrexham 111, koma malo okwera mwachindunji anali amodzi okha. Mapointi 107, achemwali, n'kukhala wachiwiri! Anakwera ndithu kudzera m'masewero a chipulula, pa mapenate ku Wembley, koma masapota awo nawonso anali ndi misozi yawo ndi agogo awo omwe akhala akupita kubwalo kwa zaka makumimakumi. Kungoti kamera sinali yawo.

Gawo lomwe ine limandigwira mtima m'nkhani ya Wrexham si la anthu a Hollywood. Ndipo apa ndiwayamikire opanga filimuwo, nkhaniyi anaiikamo, mumuuze abwerere akaonerenso bwinobwino. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 timuyo inali m'manja mwa munthu wochita malonda a malo ndi nyumba, dzina lake Alex Hamilton, ndipo maso ake anali pa malo omwe pali bwalopo. Anayesa kuichotsa timu pabwalo lake lomwe. Mu 2004 timu inagwa m'ngongole, inalandidwa mapointi 10, n'kutsika ligi. Nkhani ya bwalo inakathera kukhoti. Kenako mu 2011 akuluakulu a ligi anati perekani ndalama ya chikole apo ayi simusewera chaka chino. Mukudziwa omwe anapereka? Masapota. Tsiku limodzi lokha anasonkha ndalama zoposa mapaundi 100,000, ena kuchotsa zomwe anasunga zaka zambiri, ana kubwera ndi timakobidi tawo. Chaka chomwecho bungwe la masapota, Wrexham Supporters Trust, linatenga timuyo n'kumaiyendetsa lokha pafupifupi zaka 10. Sanakwere ligi, inde, ankavutika, bwalo linkawonongeka mbali ina, koma timu sinafe. Pakanapanda anthu amenewo, Reynolds akanapeza malo oimikapo magalimoto kapena nyumba zogona, osati timu.

Ndiye pamene anthu a mafilimuwa ankabwera, sanangofika ndi chikwama n'kunyamula. Anayenera kukhala pansi pa Zoom mu November 2020, kufotokoza kwa masapota zomwe akufuna kuchita, masapotawo n'kuvota. Oposa 98 pa 100 aliwonse omwe anavota anavomera. Ichi kwa ine ndiye chachikulu, anthu anafunsidwa, ndipo anali ndi mphamvu yokana. Koma mumvetsenso mbali inayo. Tsiku lomwe anavomera ndi tsiku lomwe mphamvu imeneyo inachoka m'manja mwawo. Lero eni akewa atafuna kugulitsa kwa wina aliyense, palibenso voti ya masapota. Ndipo agulitsapo kale kagawo kena ka masheya ku banja lina lolemera la ku New York mu 2024. Awiriwa ndi anthu abwino, mmene ndikuwaonera ine, anagula bwalo lija kuchoka ku yunivesite mu 2022 kuti likhale la timu, amathandiza timu ya amayi, amalemekeza chilankhulo cha ku Wales. Nanga wodzagula pambuyo pawo adzakhala ndani?

Ine ndikulankhula ngati munthu wa Manchester United, mukudziwa kale kuyambira tili ana. Timu imene ija inalibe ngongole mpaka 2005. Banja la Glazer la ku America linabwera n'kuigula pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 790 miliyoni, koma ndalama zambiri zinali zokongola, ndipo ngongoleyo, yoposa mapaundi 500 miliyoni, anaisenzetsa timu yomweyo. Mwamva bwino? Timu kumalipira ngongole yomwe anthu anatenga poigula iyo yomwe. Ndalama za matikiti, za majezi omwe timagula ife mpaka kuno, za TV, gawo lina kumapita ku chiwongoladzanja chaka ndi chaka. Masapota ena anakwiya mpaka anakayambitsa timu yawoyawo, FC United of Manchester, chaka chomwecho cha 2005. Mu 2010 anthu anayamba kuvala masikafu obiriwira ndi achikasu, mitundu yakalekale ya timuyo, posonyeza kukana. Mu April 2021 eni akewa anali m'gulu la omwe ankafuna kuyambitsa Super League, ligi ya matimu akuluakulu okhaokha a ku Ulaya, osafunsa aliyense, ndipo pa 2 May masapota analowa m'bwalo la Old Trafford mpaka masewero ndi Liverpool analephereka. Ligi sitinaitengenso kuchokera 2013, denga la bwalo likudontha dziko lonse likuona pa TV. Jim Ratcliffe, munthu wina wolemera wa ku Britain, anagulako gawo mu 2024, koma a Glazer akadalipo. Ndiye mnyamata akamati vuto ndi loti eni ake si anthu a mafilimu, ine ndimati ayi. Vuto ndi loti mu 2005 panalibe amene anatifunsa, ndipo mpaka lero palibe njira yoti masapota anene kuti ayi n'kumveka.

Ndipo United ndi yaikulu, siingafe. Ang'onoang'ono ndi omwe amafa. Pafupi pomwepo ndi Manchester pali tawuni ya Bury. Timu yawo inayamba mu 1885, inatengapo FA Cup kawiri. Mu December 2018 munthu anaigula pa paundi imodzi, imodzi yokha, osewera anakhala miyezi osalipidwa, ndipo mu August 2019 inachotsedwa mu ligi. Anthu omwe makolo awo ndi agogo awo ankapita kubwalo limenelo Loweruka lililonse anangodzuka tsiku lina alibe kopita. Pa nkhani imeneyo panalibe munthu wotchuka woti dziko lonse limve chisoni.

Za mafilimu a mpira ambiriwa, ine maganizo anga ndi awa. Ija ya Sunderland ndimaikonda kuposa onse, chifukwa ojambula anapita akuyembekeza kujambula timu ikubwerera mu Premier League, m'malo mwake inatsikanso ligi ina, ndipo anasiya kamera ikuyenda. Mumaona akuluakulu akugula osewera mopupuluma, mumaona ogwira ntchito wamba ali ndi nkhawa ya ntchito zawo. Aja a Amazon, a Manchester City mu 2018, Tottenham mu 2020, Arsenal mu 2022, amakoma kuonera, umalowa m'chipinda chovalira, umamva kochi akukalipa. Koma umatuluka osamva funso lolimba ngakhale limodzi lopita kwa mwini timu. Chitseko anakutsegulira ndi iyeyo, ndiye ungamufunse chiyani? Ya Wrexham ili pakatikati. Anthu a m'tawuni anawajambula mwaulemu ndi mwachikondi, ndipo mpamene pali mphamvu yake. Eni ake anadzijambula okha.

Mnyamatayo akafuna kuona njira ina, ayang'ane ku Germany. Kumeneko kuli lamulo lomwe amalitcha 50+1, lakuti mamembala a kalabu, kutanthauza masapota olembetsa, azikhala ndi mavoti ochuluka kuposa wina aliyense woikamo ndalama. Pali matimu ochepa omwe anapatsidwa mwayi wapadera, ndipo ena amalizemba lamulolo, koma Bayern Munich ndi Borussia Dortmund akuluakulu awo amasankhidwa ndi mamembala. N'chifukwa chake matikiti kumeneko ndi otsika mtengo poyerekeza ndi ku England, ndipo matimu awiri amenewa sanalowe nawo mu Super League ija.

Komanso asaganize kuti ndi nkhani ya azungu yokha. Amufotokozere alamu za Bullets, iwo amaidziwa kuposa ine. Inali Bata Bullets, kenako Total Big Bullets, kenako Bakili Bullets pamene a Muluzi ankaithandiza, mpaka mu 2004 inafika m'magulu a CAF Champions League ndi kochi Kinnah Phiri, kumasewera ndi Enyimba ya ku Nigeria. Thandizo lija litatha, timu yomweyo inayamba kuvutika ngakhale ndi malipiro a osewera, mpaka kudzabwera a Nyasa. Wanderers chimodzimodzi, Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru, dzina kumasintha malinga ndi amene wagwira chikwama. Ndipo matimu awiri akuluakulu chonchi akhala zaka zonsezi akusewerera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma. Ndiye ine munthu akabwera kuti ndagula timu, kaya ndi wa mafilimu, kaya ndi wa mafuta ngati aja a Newcastle ndi Manchester City, kaya ndi wa fodya, ndimafuna ndimve kaye kuti bwalo lili m'dzina la ndani, ndalama akuikamozo ndi mphatso kapena ngongole yomwe timu idzabweze, ndipo tsiku lomwe adzatope, masapota adzafunsidwa kapena adzangomva pa wailesi.

Jeziyo mugulireni ngati ndalama ilipo, ine ndithandizako theka, munditumizire nambala ya Airtel Money kumbali. Mwana kukonda timu yaing'ono ya ku Wales m'malo mongotsatira omwe akutenga zikho, ine zikundisangalatsa ndithu. Kungoti mumuuze kuti amalume ati jezi imeneyo savala chaka chokwera ligi chokha, adzaivalenso chaka chomwe adzatsike ndipo makamera atapita kwina.

China, achemwali, musanaiwale. M'pulogalamu imene ija amatukwana kwambiri, makamaka kochi uja akakhala m'chipinda chovalira, mawu ake si oti ang'onoang'ono aja azimva. Mnyamatayo wakula, palibe vuto, koma aziyionera awiri aja atagona. Mumuuze andiimbire Loweruka masana mpira usanayambe, ndikufuna ndimve kwa iye mwini kuti akuti chiyani za Notts County.