Mwana wapeza 7 m'Chingerezi: vuto lili pa ziganizo

Mayi wina wa ku Chawama wandilembera kalata ya mtundu umene umandifika chaka chilichonse zotsatira za giredi 12 zikangotuluka. Mwana wawo wamkazi anakhoza bwino Masamu ndi Sayansi, koma m'Chingerezi anapeza 7, ndipo mayiwo akufunsa ngati kuli kotheka kuti akaphunzirebe udokotala monga akukakamizira bambo ake, kapena amugulire dikishonale yaikulu kuti aloweze mawu ovuta asanalembenso mayeso a GCE, aja amene amalemba ofuna kukonza zotsatira zawo atamaliza sukulu. Aphatikizanso kandime kamene mwanayo analemba.

Mayi, ndisakubisireni: za udokotala ziikeni kaye pambali. University of Zambia imafuna makirediti asanu kuphatikizapo Chingerezi, kirediti imathera pa 6 (1 ndiye wapamwamba, choncho 7 si kirediti), ndipo ngakhale sukulu za unamwino zimafunanso Chingerezicho. Bambo ake aleke kumukalipira mwana usiku uliwonse pa nkhani ya ntchito imene khomo lake silinatseguke n'komwe, chifukwa phokoso lotere limangomuwonjezera mantha.

Dikishonaleyo musagule. Kandime kaja ndakawerenga, ndipo mawu mwana wanu ali nawo okwanira; chimene sadziwa ndi kulumikiza maganizo awiri m'chiganizo chimodzi. Amalemba motere: "My aunt sells tomatoes. She wakes up early. She goes to Soweto Market." Tiziganizo totere tikadzaza tsamba lonse, wochonga mayeso amaona ngati akuwerenga za mwana wa giredi 5. Pamene wayesa kulumikiza, wangoika mpatuliro wokha, nalemba kuti "The bus was full, we walked to town", ndipo kulakwitsa kumeneku kumadya malikisi a ana ambiri osadziwa n'komwe kuti alakwa. Chofunika pamenepo ndi mlumikizi: "The bus was full, so we walked to town."

Alumikizi ogwira ntchito imeneyi alipo 7 okha, omwe ndi and, but, or, nor, for, yet ndi so. Lamulo lake ndi lakuti mbali iliyonse ikhale yotha kuima payokha, yokhala ndi mwininkhani ndi mneni wake, ndipo mpatuliro ukhale patsogolo pa mlumikiziyo. Chovuta ndi kusankha woyenera, pakuti aliyense ali ndi ntchito yake: but ndi yet amatsutsa, so amasonyeza chotsatira, for amapereka chifukwa, pamene or amapereka mwayi wosankha. Amene amagwetsa ana ambiri ndi nor, chifukwa amatembenuza dongosolo la mawu omutsatira, moti timalemba kuti "She did not call, nor did she write", osati "nor she wrote". Mwana amene amangodziwa and yekha amalumikiza ndime yonse ndi "and then", ndipo zimenezo sizisiyana kwenikweni ndi tiziganizo todukaduka tija.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa luso limodzili limabwera m'mapepala onse awiri a Chingerezi a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso ku Zambia: m'chimangirizo, m'mafunso olembanso chiganizo popanda kusintha tanthauzo, ndiponso m'chifupikitso, momwe mfundo zambiri zimayenera kulowa m'mawu ochepa.

Kwa iwe mwana, popeza ndikudziwa kuti amayi ako akuwerengera izi: miyezi ili pakati pa lero ndi mayeso si yokhalira pa WhatsApp kudikira kuti wina akutumizire mafunso obedwa. Madzulo aliwonse tenga ndime imodzi ya mu Zambia Daily Mail kapena Times of Zambia, uphwanye ziganizo zake zazitali kukhala zazifupi, utseke nyuzipepalayo, uzilumikizenso wekha, kenaka ufananitse ndi zimene mtolankhani analemba. Loweruka uzilemba pepala limodzi la mayeso a zaka zapitazo uli ndi wotchi pambali. Ngati kunyumba kuli ndalama yoti iwonongedwe, ipite kwa mphunzitsi amene adzachonga zolemba zako ndi cholembera chofiira sabata iliyonse, osati kwa uja amene amangolankhula kutsogolo kwa ana odzaza chipinda.

Sindikulonjeza 1 kapena 2. Komabe mwana wotha kutsata malamulo a Masamu sangalephere malamulo ochepa chonchi ngati atachita khama, ndipo kuchoka pa 7 kufika pa 5 kapena 6 n'kotheka ndithu. Mayi, pitani msanga pamalo olembetsera GCE mukafunse tsiku lotsekera kalembera, ndipo za kosi tidzakambirane zotsatira zatsopano zili m'manja.