Funsani Malume: Zipangizo za m'khitchini zandiukira

Malume, ndimakhala ku Mtunthama, ku Kasungu. Ndikuona ngati zipangizo za m'khitchini mwanga zinachita msonkhano n'kugwirizana zondikhaulitsa. Firiji imang'ung'udza usiku wonse, ndipo ndikagwira chitseko chake ndili wosavala nsapato imandiluma. Ketulo ikulavulira zoyera mu tiyi wa bambo a kunyumba. Hotipuleti imapsereza ndiwo tsiku la alendo lokha. Apongozi akuti tiitane abusa. Nditani?
Mayi wa ana atatu

Mayi, abusa asiyeni apume kaye. Kung'ung'udza kwa firijiko si miseche, ndi kompuresa imene ikuzungulitsa gasi woziziritsa. Masana imateronso, koma phokoso la ana limaibisa.

Za kulumazo musaseke nazo. Magetsi a m'nyumba kuno ndi a mavoti 230, ndipo akudumphira pa chitsulo cha firijiyo. Amayenera kuthawira pansi kudzera pa waya wa earth, uja wobiriwira ndi chikasu wolumikizidwa ku dzino lalitali la pulagi. Ukaduka, kapena wina akalowetsa mawaya awiri okha m'soketi n'kutsindira ndi machesi, monga ena amachitira, njira ya magetsiwo imakhala inuyo, makamaka simenti ikanyowa. Izimitseni pakhoma lero lomwe, muitane wamagetsi wodziwa ntchito, osati mwana wa aneba.

Ketulo ilibe mlandu. Zoyerazo ndi laimu wa m'madzi a pa mjigo. Wiritsani madzi osakaniza ndi viniga kapena mandimu, muleke aziziremo, kenako mutsuke.

Koma hotipuleti ndikuikhalira kumbuyo. Alendo akafika, amatsala m'khitchini ndani inu mukufunsa za ku mudzi?